DZANJA LA MULUNGU KAPENA MWAI CABE?

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Ndiri mwana pakati panu, pakuti ena a inu munayamba kuphunzitsa ine ndisanabadwe. Mukaona kuti mwana wadumpha malire, mundibweze pa nthawi ya mafunso.

Nkhani yanga ndi ya apaulendo. Munthu akabwera kucokera ku dziko lacilendo, kaya ku Johannesburg, kaya ku Harare, kaya ku Dar es Salaam, cimene asimba usiku pa moto si nyumba zazitali zimene anaziona ai. Asimba za tsiku lija basi inamsiya pa cipata ca Chirundu, ndipo basi yomweyo inakagwa m'tsogolo. Asimba za madzulo aja ndalama zinamthera pa siteshoni, ndipo potembenuka anaona mwana wa amalume ace amene sanaonane naye zaka zisanu. Potsiriza pace anena kuti, "Anali Mulungu." Ife tonse tibvomera pamodzi, "Inde, anali Mulungu." Funso langa lero ndi ili: tiri kunena ciani kweni-kweni pamene tibvomera motero?

Wina angaganize kuti funso lotere ndi la abusa okha. Koma inu mudziwa kuti ku mudzi mphunzitsi safunsidwa za masamu okha. Mai amene mwana wace walandira uthenga womuitana ku nchito kunja adza kwa mphunzitsi. Mnyamata amene wasiya sukulu nafuna kuoloka malire adza kwa mphunzitsi, ndipo kawiri-kawiri afika atatsimikiza kale mumtima, cifukwa uthengawo unamfika tsiku lomwe anapemphera. Cimene tidzayankha pa khonde la nyumba yathu cikhoza kumpulumutsa munthu, cikhozanso kumtaya.

Tiyeni tiyambe ndi mlendo amene mtima wace unaikidwa m'nthaka ya dziko lathu, David Livingstone. Iye sanafune kudza ku Africa poyamba. Anafuna kupita ku China. Koma m'caka ca 1839 inabuka nkhondo pakati pa Britain ndi China, njira nitsekeka. M'masiku omwewo Robert Moffat wa ku Kuruman anali atabwerera kwao kwa kanthawi. Anakumana ndi mnyamatayo ku London, namuuza za midzi yambiri ya kumpoto. Mu December 1840 Livingstone anakwera sitima ya ku Cape Town. Nkhani iyi timaikonda, ndipo sinditaya nayo nthawi, pakuti iribe minga.

Ya ku Ujiji ndiyo ifuna kuti tikhale pansi. M'caka ca 1871 Livingstone anali ku Nyangwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero lichedwa Congo. Anacoka kumeneko mu July, nayenda miyezi itatu m'nkhalango ali wodwala, nafika ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika mu October, atatsala mafupa okha-okha. Ciyembekezo cace conse cinali pa katundu amene anatumizidwa kucokera ku Zanzibar: nsaru, mikanda ndi zina zogulira cakudya. Anapeza kuti munthu amene anasungitsidwa katunduyo anagulitsa zonse, nanena kuti anayesa kuti mwini wace anafa kale. Nkhalamba ya zaka 58 inatsala yopanda kanthu, kutali ndi kwao, yoyembekeza kupempha cakudya kwa anthu omwe aja amene inadana ndi malonda ao a akapolo. Patapita masiku owerengeka kunamveka mfuti kunja kwa mudzi, ndipo unalowa ulendo waukulu wa amtenga-tenga, patsogolo pace mbendera ya America. Anali Henry Morton Stanley, wotumidwa ndi nyuzipepala ya New York Herald, ali ndi nsaru, mankhwala, cakudya ndi makalata. Livingstone anayamba kudya, mphamvu nibwerera, ndipo iye mwini anaona m'kufika kwa Stanley cifundo ca Mulungu.

Pano ndipatuke pang'ono, cifukwa pali kanthu kamene kamandiseketsa. Tsiku la kukumana kumeneku, kumene dziko lonse likudziwa, eni ace awiriwo sanagwirizane pa kuliwerenga. Stanley analemba 10 November. Buku la Livingstone lionetsa masiku otsiriza a October. Onse awiri anadwala malungo m'njira nasokoneza ciwerengero ca masiku. Ana a sukulu akamva ici amakondwa, pakuti aona kuti ngakhale akulu amalakwa deti.

Tsono tifunse, cinacititsa nciani kuti anthu awiriwa afike pa mudzi umodzi pa nyengo imodzi? Mbali yina njosabvuta. Ujiji ndi pamene unathera mseu waukulu wa amalonda wocokera ku Bagamoyo kudzera ku Tabora. Aliyense wofuna mzungu wotayika m'dera limenelo akadayamba kufunsa pomwepo, ndipo aliyense woyembekeza katundu wa ku gombe akadabwerera pomwepo. Malo sadabwitsa. Cidabwitsa ndi nthawi. Stanley anacoka ku Bagamoyo mu March, nafika ku Tabora mu June. Njira ikadakhala yoyera, akadafika ku Ujiji Livingstone akali kutali m'nkhalango za Manyema. Koma Mirambo, mfumu ya Anyamwezi, anali pa nkhondo ndi amalonda a ku Tabora, natseka mseu wa kumadzulo. Stanley anacedwa pamenepo kufikira September, ndipo pambuyo pace anazungulira njira yakumwera. Nkhondo ndiyo inamcedwetsa.

Nanga cinamcotsa Livingstone ku Nyangwe nciani? Iye sanafune kubwerera. Anali kufuna ngalawa kuti atsate Lualaba, poganiza kuti mwina ndiwo mutu wa Nile. Koma pa 15 July 1871, tsiku la msika, anthu a amalonda a akapolo anayamba kuombera mfuti pakati pa khamu. Ambiri anali akazi odzagulitsa cinangwa, nsomba ndi miphika. Ena anafa ndi zipolopolo, ena anamira m'mtsinje pothawa. Anthu oposa 300 anatha tsiku limenelo, iye ali kupenya ndi maso ace. Atatero sanathenso kulandira cithandizo kwa anthu amenewo, nabwerera.

Abale anga, apa ndi pamene lilime liyenera kucenjera. Kukumana kwa ku Ujiji kunaima pa miyendo iwiri, nkhondo ya Mirambo ndi mwazi wa pa msika wa Nyangwe. Kodi tidzaimirira pamaso pa ana ndi kunena kuti Mulungu anakonza imfa ya amai aja kuti mzungu mmodzi apeze nsaru ndi mankhwala pa nthawi yace? Ine sindingathe kunena motero, ndipo ndikhulupirira kuti inunso simungathe. Amai aja anali nao ana amene anawayembekeza madzulo. Coona ncakuti mbiri ya Nyangwe, imene Stanley anapita nayo ku Britain m'makalata a Livingstone, inautsa mitima ya anthu, ndipo inathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu June 1873. Koma kunena kuti Mulungu anaturutsa cabwino m'coipa ndi mau ena, kunena kuti coipaco anacikonza ndiye ndi mau enanso. Yosefe anapulumutsa abale ace ku njala, koma ici sicinayeretse manja amene anamponya m'dzenje.

Pali ulendo wina umene sitiusimba kawiri-kawiri pa maumboni, ndipo ndiyesa kuti cifukwa cace mudzaciona. Charles Mackenzie, bishopu woyamba wa mishoni ya UMCA, anamanga ku Magomero, m'dziko la Malawi, m'caka ca 1861. Anapangana ndi Livingstone kuti adzakumane pa 1 January 1862 pamene Ruo athira mu Shire, cifukwa mlongo wace wa bishopu ndi mkazi wa mbusa Henry Burrup anali kudza pa nyanja, ndipo anafuna kukawalandira. Mvula inacuruka, mitsinje nidzala, ndipo bishopu ndi Burrup anacedwa. M'njira ngalawa yao inagubuduka usiku, mankhwala onse namira, pamodzi ndi kwinini. Pofika pa malo a pangano anamva kuti sitima ya Livingstone, imene inacedwanso cifukwa ca kutitimira pa mcenga, inapita kunsi masiku owerengeka apitawo. Akadafulumira pang'ono, kapena sitimayo ikadacedwa pang'ono, akadapeza dotolo ndi bokosi la mankhwala. Anakhala pa kacilumba kuyembekeza, pakati pa udzudzu wa mwezi wa January. Malungo anamgwira bishopu, namwalira pa 31 January 1862. Burrup anamuika m'manda, nanyamulidwa kubwerera ku Magomero, namwaliranso mu February.

Tsono mverani ici. M'masiku omwewo otsiriza a January, pamene bishopu anali kutsirizika, sitima yonyamula mlongo wace ndi mkazi wa Burrup inafika pa mathiriro a Zambezi. Amai awiriwo anakwera mtsinje ali ndi cimwemwe, osadziwa kanthu, ndipo mbiri ya maliro awiri inawapeza m'njira. Mary, mkazi wa Livingstone, amene anadza nao pa ulendo womwewo, anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 April. Ngati kugwirizana kwa masiku ndiko cizindikiro, pano masiku anagwirizana koposa ku Ujiji. Nanga cizindikiroco cinati ciani? Kodi Mackenzie anali wocimwa koposa Livingstone? Anali munthu amene anasiya ulemu wa ku Cambridge nadzagona m'nyumba ya udzu pakati pa akapolo omasulidwa. Ambuye Yesu anafunsidwa za zotere, nachula anthu 18 aja amene nsanja ya Siloamu inawagwera, nakana poyera kuti sanali ocimwa koposa anzao a m'Yerusalemu. Ndi cifukwa cace mtima wanga umabvutika pamene munthu aimirira m'kacisi kuyamika kuti basi imene inamsiya inagwa. Ayamike ndithu, pakuti moyo ndi mphatso. Koma akumbukire kuti pa mpando umene anausiya panakhala munthu wina, ndipo kapena mai wa munthuyo ali m'kacisi momwemo.

Makolo a Angoni ali nayo nkhani yao. Mu November 1835 Zwangendaba ndi anthu ace, atayenda zaka zambiri kucokera kumwera, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo tsiku lomwelo dzuwa linada usana. Sanaiwale. Anasimbira ana ao, ana nasimbira adzukulu, kotero kuti pamene olemba mbiri anafuna kudziwa caka ca kuolokako, anapita kwa odziwa za nyenyezi, iwo nawerenga cam'mbuyo napeza kadamsanayo. Kadamsana acitika pamene mwezi upita pakati pa dzuwa ndi dziko, ndipo nthawi yace iwerengeka zaka mazana zisanafike. Uja wa pa 21 June 2001, umene makolo athu anauona ku Lusaka, alendo ocokera kutali anaudziwiratu tsiku ndi ora, nadza ndi magalasi ao. Mthunzi wa 1835 ukadagwa pa Zambezi ngakhale Zwangendaba akadacedwa mwezi wathunthu. Ndiponso mdima womwewo unagwera Ansenga ndi anthu ena a m'cigwa, amene sanali pa ulendo uliwonse, koma nkhondo inali kuwadzera. Thambo linali limodzi, koma wooloka ndi wookeredwa sakadalimasulira mofanana.

Popeza ndife aphunzitsi, tilowe m'kalasi pang'ono. Lolemba likudzali tsegulani kaundula wanu, muyang'ane masiku akubadwa a ana. Caka ciri ndi masiku 365, ndipo munthu angayese kuti nkobvuta kupeza ana awiri obadwa tsiku limodzi. Koma masamu aonetsa kuti pa ana 23 okha, mwai wakupeza awiri otere uposa theka. Pa ana 40 ufika pafupi-fupi 9 mwa 10. Ndipo m'makalasi athu a ana 60 kapena 70 cingakhale cacilendo kusawapeza. Cinsinsi cace ndi ici: sitifunsa za mwana mmodzi, tifunsa za awiri ali onse, ndipo ana 23 akhoza kuikidwa awiri-awiri m'njira 253. Momwemonso wa paulendo. Tsiku limodzi apenya nkhope mazana-mazana, amva maina, awerenga manambala, ndipo popeza ali mlendo maso ace ali tcheru koposa kwao. Zikwi za zinthu zimene sizinagwirizane aziiwala; cimodzi cimene cinagwirizana acisunga kufikira imfa. Ndipo za mwana wa amalume uja: basi zambiri zocokera kuno zitsitsa anthu pa malo amodzi-modzi mu Johannesburg, ndipo anthu a kwathu amazungulira pomwepo kulandira katundu ndi kutumiza ndalama. Siteshoni imeneyo ndiyo Ujiji wa masiku ano. Akulu anati sakumana ndi mapiri.

Wina adzati, "Mphunzitsi wamng'onoyu wamcotsa Mulungu, waikapo masamu." Iai, akulu anga. Amene anaika mwezi m'njira yace ndiye mwini masamuwo. Mvula ikagwa tsiku limene tabzala, tidziwa za mitambo ndi mphepo, komabe tiyamika, ndipo sitinama poyamikapo. Kudziwa njira imene mphatso yadzera sikucotsa wopatsayo. Cimene ndikana ndi cimodzi: kutenga kugwirizana kwa nthawi ngati kalata yocokera kumwamba yotiuza cocita. Kuyamika kuyang'ana m'mbuyo, pa cimene cacitika kale, ndipo sikupweteka munthu. Kumasulira zizindikiro kuyang'ana m'tsogolo, ndipo kwaika anthu m'manda.

Kumbukirani Yona. Anatumidwa ku Nineve, iye natsikira ku Yopa kuti athawe. Pofika pa gombe anapeza combo ca ku Tarisi ciri cokonzeka, malo alipo, ndalama ya ulendo ali nayo. Zonse zinagwirizana bwino lomwe! Akadakhala wa masiku ano akadaimirira kupereka umboni kuti khomo latseguka. Ici ndico ndimauza anyamata ndi asungwana amene adza kwa ine ndi uthenga wa pa lamya wowalonjeza nchito kunja. Onyenga adziwa nyengo monga mlimi aidziwa. Adziwa mwezi umene mayeso aturuka, adziwa kuti January ndi February nkhokwe ziri zopanda kanthu. Atumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri, ndipo pakati pa ambiriwo sangalephere kupezeka wina amene anapemphera usiku wathawo. Mu December 2022 mitembo ya anthu 27, amene apolisi anaganiza kuti anacokera ku Ethiopia, inapezeka yotayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka. Anali ana a anthu, opita kukafuna moyo kumwera. Cotero mwana akati kwa inu, "Aphunzitsi, uthengawu wafika tsiku lomwe ndinasala kudya," musamseke, pakuti pemphero lace linali loona. Koma mumfunse dzina la womlemba nchito, mumfunse amene adzasunga pasipoti yace, mumfunse ngati pali munthu wodziwika amene anapitako nabwerako. Mupite naye kwa abusa ndi kwa makolo ace. Khomo limene Mulungu watsegula silitsekeka cifukwa ca mafunso atatu.

M'fanizo la Msamariya, Luka asimba kuti wansembe anangopezeka ali kutsika njira yomweyo ya ku Yeriko pamene panagona munthu wobvulazidwa. Mlevi anafikanso pa nthawi yabwino. Msamariya, amene anali mlendo m'dziko la eni, anafikanso pa nthawi yabwino. Onse atatu nthawi inawagwirizanira mofanana, ndipo awiri anapitirira. Kwa ine tanthauzo la kukumana pa njira ligona pamenepa, ndipo sitilipeza pofunsa kuti, "Ici cindilosera ciani?" koma poyang'ana amene wagona patsogolo pathu.

Mu July 1861 Livingstone ndi anthu a Mackenzie anali kupumula pa mudzi wa Mbame, pokwera ku mapiri a Shire, pamene mzere wa akapolo omangidwa m'magoli unalowa m'mudzimo, pa ulendo wa ku Tete. Akadafika dzulo lace kapena mawa lace sakadaonana. Panalibe nthawi yakumasulira cizindikiro. Oyendetsa akapolo anathawira m'thengo, ndipo anthu anatenga mipeni ndi sowo nadula zingwe ndi magoli. Anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo, ndipo ena anamasulidwa m'masiku otsatira. Pakati pa ana amene anapeza ufulu m'caka cimeneco panali kamnyamata ka Ciyao, dzina lace Chuma.

Patapita zaka 12, pa 1 May 1873, Livingstone anamwalira pa mudzi wa Chitambo, kumwera kwa nyanja ya Bangweulu. Chuma, Susi ndi anzao anakwirira mtima wace pansi pa mtengo, naumitsa thupi, nalikulunga, nayamba ulendo wa ku gombe. Tsono ku Britain anali atatumiza ulendo wina wakumthandiza Livingstone, wotsogozedwa ndi Verney Lovett Cameron, ndipo unafika ku Tabora, mudzi womwe uja umene Stanley anacedwapo. Ulendo uwu unacedwa ndithu, pakuti amene unadzamthandiza anali atafa miyezi ingapo. Mu October 1873 Chuma ndiye anatsogola kulowa m'Tabora ndi kalata ya maliro. Cameron anawalangiza kuti aike mtembo pomwepo, popeza njira ya ku gombe inali yoopsa. Iwo anakana. Anaukulunganso kuti uoneke ngati mtolo wa nsaru, nausenza, nafika nao ku Bagamoyo mu February 1874, atayenda miyezi 9 ndi mamailosi oposa 1,000.

Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana koloko kawiri. Ndikhala pansi, kuti akulu andifunse.